Mng'ono wanga walephera mayeso a galimoto, ndipo sindikuchita naye manyazi

Ndakwiya abale, ndipo sindibisa.

Dzulo mng'ono wanga anapita kukayesedwa kuyendetsa galimoto. Sanakhoze. Atafika pachitunda, woyesa anamuuza kuti aime kenako anyamukenso. Mwendo unayamba kunjenjemera pa kalatchi, galimoto inazima n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Anailizanso, inazimanso. Woyesayo anamuuza mwaulemu kuti akakonzekerenso, adzabwere tsiku lina. Mwanayo anafika pakhomo maso ali psuu, nsima sanaikhudze n'komwe.

Zimenezo sizinandipsetse mtima ayi. Chandiwawa ndi chimene chinachitika madzulo. Alamu anga, amuna awo a akulu athu, atamva nkhaniyi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Akuti, “Mlamu, inunso mumakonda kudzivutitsa. Masiku ano amayesedwa ndani? Mukanangondiuza ine, ndili ndi mnyamata wanga wodziwa njira. Kangachepe basi, laisensi mukanaipeza muli khale pampando.” Ndipo anthu akuluakulu amene anali pakhondepo anagwedeza mitu kuvomereza. Amalume anawonjezera kuti mwanayu ndi wogona, anzake onse anachenjera kalekale. Mng'ono wanga anangoti, “Asisi, mwina akunena zoona,” n'kulowa kuchipinda.

Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo. Mwana wachita chinthu chowongoka, ndipo ife akulu tamuchititsa kudziona ngati chitsiru.

Alamu, ndikudziwa kuti muwerenga izi, ndiye ndinena poyera. Kulephera mayeso oyendetsa galimoto si manyazi. Manyazi ndi kuyenda ndi laisensi yogula m'thumba. Wolephera mayeso wabwerera kunyumba ndi misozi yake, sanapweteke munthu. Wogula laisensi watenga chitsulo cholemera kuposa tani imodzi n'kulowa nacho pamsewu pamene pakuyenda ana athu, asakudziwa kuchiimitsa.

Taganizirani zimene mwanayu wadutsamo. Anadikira kuti asonkhe ndalama kuchokera pa kamalipiro kake kochepa. Anakayezetsa maso. Anawerenga malamulo a pamsewu usiku, ine ndikumufunsa zikwangwani chimodzichimodzi ngati mwana wa Sitandade 8: ichi cha makona atatu chikutanthauza chiyani, ichi chozungulira chofiira m'mbali chikuletsa chiyani, mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu ukukuuza chiyani. Anakhoza mayeso a malamulowo n'kutenga chiphaso cha wophunzira. Kwa masabata angapo wakhala akudzuka m'mamawa kupita kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, kukhala pachiwongolero ndi chikwangwani cha L kutsogolo ndi kumbuyo, mphunzitsi ali pambali, kenako n'kuthamangira kuntchito. Zonsezi wachita yekha. Wapunthwa pa chinthu chimodzi, ndipo inu mukuti njira yabwino inali kudumpha zonsezo?

Ndipo chinthu chimene wapunthwapocho si chaching'ono. Woyesa uja sanalakwitse, ndipo ine ndikumuthokoza. Ife timakhala mu Blantyre. Mzinda uno ndi wa mapiri okhaokha. Ndirande, Soche, Bangwe, Chilobwe, Chilomoni, kulikonse kumene ungalowere ukumana ndi chitunda, ndipo pamwamba pa chitundacho pali mphambano kapena minibasi yaima mwadzidzidzi kutsitsa munthu. Ukaima pamenepo, kumbuyo kwako kwadzaza. Pali wakabaza wanyamula mayi ndi mwana kumsana, wayandikira mpaka tayala lake latsala pang'ono kukhudza bampala. Pali mwana wasukulu akudutsa pakati pa magalimoto. Galimoto yako ikabwerera m'mbuyo mita imodzi yokha, waphwanya mwendo wa munthu. N'chifukwa chake amayesa zimenezi. Amafuna aone ngati ukudziwa kukoka handibuleki, kulowetsa giya yoyamba, kutukula kalatchi pang'onopang'ono mpaka injini isinthe kalilidwe ndipo kutsogolo kwa galimoto kuchite ngati kukunyamuka, kuponda mafuta pang'ono, ndiye n'kumasula handibuleki. Zimenezi phazi limaphunzira lokha pobwerezabwereza. Palibe dobadoba amene angakugulitse phazi lodziwa kalatchi.

Ena mundiuza kuti masiku ano magalimoto ambiri ndi a otomatiki, ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta ochokera ku Japan amene amalowera ku Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndiye za kalatchi n'zachikale. Chabwino. Kodi otomatiki imayang'ana yokha pagalasi? Imayatsa yokha indiketa? Imadziwa yokha kuti ukafika pa raundabauti uyenera kupereka mpata kwa amene akuchokera kudzanja lamanja? Imatembenuza yokha khosi kuona njinga imene yabisala pambali pomwe galasi silionetsa? Galimoto ya otomatiki ili ndi zopondera ziwiri zokha, komabe munthu wosaphunzira akadzidzimuka amaponda mafuta m'malo mwa buleki. Galimoto yosavuta kuyendetsa m'manja mwa munthu wosaphunzira ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa imamunamiza kuti wadziwa.

Laisensi yogula ndi bodza. Ndi bodza limene umauza aliyense wokumana naye pamsewu. Kakhadi kaja kamanena kuti munthu uyu anayesedwa ndipo anaoneka kuti akhoza kuyendetsa galimoto osaika moyo wa ena pachiswe. Ukakagula, kakhadiko kamanenabe mawu omwewo, koma si oona. Wapolisi pa rodibuloko akaona kakhadiko akulola udutse. Bwana akaona kakhadiko akupatsa makiyi. Mayi akaona kakhadiko akukweza ana ake. Onsewo wawanamiza.

Ndikudziwa zimene mumanena, kuti mizere ndi yaitali, sukulu zakwera mtengo, kubwereza mayeso kumadya ndalama. Inde. Koma bokosi la maliro ndi lotchipa?

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Anatinso kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife mibadwo ya lero tikufuna maso a nkhono lero lomwe, ndipo nkhonoyo tikuiswa ndi mwala.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chiphamaso chathu. Ngozi ikachitika pa M1, tonse timathamangira pa Facebook ndi pa WhatsApp kulemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere, madalaivala a masiku ano ndi osasamala, boma lichitepo kanthu. Pamaliro timakhala pansi pa tenti n'kumapukusa mitu. Ena timati anamulodza, ena timati pamalo paja pamafuna magazi, ena timati linali tsiku lake. Koma tikabwerera kunyumba, mwana wathu akati akufuna laisensi, ndife oyamba kufunsa kuti kodi ukudziwa munthu? Dalaivala wosasamala amene timamutukwana uja sanagwe kumwamba. Ali ndi amalume ake amene anamuuza kuti wogona ndi amene amayesedwa. Ali ndi alamu ake amene anali ndi mnyamata wodziwa njira. Tinamupanga tokha pakhonde, tikumwa tiyi.

Ndipo musaganize kuti zimathera pa kagalimoto kakang'ono. Munthu amayamba ndi Code B, ya magalimoto osapitirira makilogalamu 3,500. Akaona kuti kugula kunayenda bwino, mawa afuna C1 kuti ayendetse lole, mkuja afuna chilolezo chonyamula anthu. Njira anaizolowera kale, abwereranso kwa mnyamata yemwe uja. Tsiku lina mudzamupeza ali pachiwongolero cha minibasi yodzaza, akutsetsereka ku Chiweta kapena pamapiri otsikira ku Chikwawa, phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka mabuleki atenthe n'kusiya kugwira, chifukwa palibe anamuphunzitsa kuti pamtsetse wautali umatsika ndi giya yaying'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto. Ena amafika pochotsa giya kuti apulumutse mafuta! M'minibasi imeneyo mukhoza kukhala inu amalume, mukuchokera kokaona odwala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mudzandiuza kuti, “Koma ine ndinagula, ndipo zaka zonsezi sindinachitepo ngozi.” Musanyade nazo. Simunachite ngozi chifukwa anthu ena akhala akukupewani. Amene anaphunzira bwino ndi amene amaponda buleki inu mukalowa pamsewu waukulu osayang'ana. Ndi amene amakupatsani mpata mukakhota osayatsa indiketa. Woyenda pansi ndi amene amalumphira m'ngalande. Moyo wanu mwausunga ndi luso la anthu ena, ndipo simukudziwa n'komwe. Kenako mukuseka mwana amene akufuna kukhala mmodzi wa anthu okupulumutsaniwo.

Inu mwaseka mng'ono wanga chifukwa galimoto inamuzimira pamaso pa woyesa, pamalo pamene panalibe ngozi, pa liwiro la kamba, munthu wodziwa ali pambali pake. Pamenepo ndi pamalo poyenera kulakwitsa! Mayeso anawaikira zimenezo, kuti cholakwa chako chioneke pamene sichingaphe munthu. Wogula laisensi nayenso amayesedwa, musaganize kuti wathawa. Iye mayeso ake amakachitikira pa Chipembere Highway nthawi yoweruka kuntchito, kapena pamizere yowolokera ana pafupi ndi sukulu. Kumeneko ukalephera sakuuza kuti udzabwerenso tsiku lina.

Ine ndinakhoza ulendo wachiwiri. Ulendo woyamba ndinagunda chizindikiro poimika galimoto chobwerera m'mbuyo, ndipo ndinalira ngati mmene walirira mng'ono wangayu. Ndinabwerera kukaphunzira, ndinabwereza livesi mpaka khosi kuwawa. Mpaka lero ndikamabwerera m'mbuyo ndimayang'ana kawiri, ndipo chizolowezi chimenecho chinandipulumutsira mwana wa aneba amene tsiku lina anakhala pansi kuseri kwa galimoto yanga akusewera ndi galimoto yake yamawaya. Ndikanagula laisensi, mwana ameneyo ndikanamuponda. Ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Ndiye munthu asandiuze kuti mayeso ndi mwambo chabe wodyera anthu ndalama.

Mng'ono wanga, ngati ukuwerenga, tamvera. Sunapuse. Mwa anthu onse amene anali pakhonde paja dzulo, iwe ndi amene unachita zaulemu. Loweruka m'mawa ndikutenga, tikapeze chitunda chopanda anthu, L wako tikamate, ukaime ndi kunyamuka mpaka phazi lizolowere. Ndalama yobwerezera mayeso ndithandiza ine. Koma tambala yanga ngakhale imodzi sidzapita kwa dobadoba, ndipo ndikadzamva kuti wapita kwa mnyamata wa alamu uja, galimoto yanga sudzaigwiranso.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene za inu amene mumaimbira hutala ophunzira pamsewu. Mukuona chilembo chofiira cha L, chachikulu, choonekera patali. Mukudziwa kuti munthu ali mkatimo mtima uli m'mwamba, manja ali thukuta. Galimoto yamuzimira pa maloboti, inu m'malo modikira masekondi ochepa mukukanikiza hutala ngati kwagwa maliro, kondakitala watulutsa mutu pawindo akutukwana, makamaka akaona kuti ndi mzimayi. “Amayi, kaphikeni nsima!” Mng'ono wanga anandiuza kuti tsiku lina dalaivala wa minibasi anamudutsa kumanzere, n'kumupanikiza dala mpaka mphunzitsi anachita kugwira chiwongolero. Kuti apindule chiyani? Munthu akuphunzira mwa njira yake, mukumuopseza. Akatopa n'kukagula laisensi, mudzadandaulanso kuti pamsewu padzaza anthu osadziwa kuyendetsa. Inuyo munabadwa chiwongolero chili m'manja? Kapena hutalayo mumaiimba chifukwa chitunda chimene mwanayo akulimbana nacho inu simunayesedwepo?