Buku la rock loyenera nthawi yanu ndi lomwe limalowa mu situdiyo

Anzanga okonda nyimbo, lero tikambeko za mabuku. Mabuku onena za magulu oimba rock alipo osawerengeka, koma ambiri mwa iwo sakamba za nyimbo ayi. Amakamba za mowa, mankhwala ozunguza bongo, zibwenzi ndi zipinda za m'mahotela zomwe anyamata anaphwanya ataledzera. Pofika tsamba lomaliza mumakhala mutadziwa kuti uyu anakwatira uje, koma osadziwa chifukwa chake gitala ya m'nyimbo yomwe mumaikonda imalira mmene imaliriramo. Maganizo anga ndi akuti buku labwino ndi lomwe limakuchititsani kuliika kaye pambali, n'kukatsegula nyimbo ija, n'kumva chinthu chomwe chakhala chikukudutsani zaka zonsezi. Mabuku omwe ndimawaika pamwamba ndi omwe amafotokoza ntchito: anajambula bwanji, anachuna bwanji gitala, ndalama inachoka kuti ndipo inathera kwa ndani.

Loyamba kwa ine ndi Revolution in the Head la Ian MacDonald, lomwe linatuluka mu 1994. Mlembiyu anatenga nyimbo zomwe gulu la Beatles linajambula n'kuzindandalika motsata tsiku lomwe anayamba kuzijambula, osati mmene anazisanjira pa zimbale. Pa nyimbo iliyonse akukuuzani masiku, amene anagwira chida chilichonse, kenaka n'kuigaŵa: apa besi ikutani, apa mawu a Lennon ndi a McCartney akusiyana pati. Bukuli si lowerenga ngati nthano. Werengani za nyimbo imodzi, valani mahedifoni, imvereni kawiri, kenaka bwererani pa tsamba lija. Nyimbo zitatu kapena zinayi pa tsiku n'zokwanira. Pali msampha umodzi: nyimbo zambiri za Beatles zili m'mitundu iwiri, mono (mawu onse kutulukira njira imodzi) ndi stereo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja), ndipo mpaka cha m'ma 1967 anyamatawo ankaikira mtima pa mono. Mukamva kuti chomwe mlembi akunena sichikumveka, onani kaye mtundu womwe mukumverawo musanamutsutse. Chofooka cha MacDonald n'chakuti amaweruza mwamphamvu ngati woweruza milandu, ndipo nyimbo yomwe sanaikonde amaigwetsa m'mizere iwiri. Pamenepo tsutsanani naye momasuka, n'chifukwa chake makutu muli nawo.

Bukuli limayenda bwino mukaliphatikiza ndi The Complete Beatles Recording Sessions la Mark Lewisohn, la 1988. Lewisohn analoledwa kumvera matepi enieni a ku situdiyo ya Abbey Road, komwe a Beatles ankajambulira, n'kulemba zomwe zinkachitika tsiku ndi tsiku. Mmenemo mumaona kuti pa 11 February 1963 gululi linajambula nyimbo 10 za chimbale chawo choyamba m'tsiku limodzi, ndipo Twist and Shout anaisiya kumapeto dala chifukwa ankadziwa kuti ikathetsa mawu a Lennon, yemwe anali kale ndi chimfine. Kusasa mawu komwe mumamva m'nyimboyo n'kwenikweni. Mumaonanso kuti chimbale cha Sgt. Pepper cha 1967 chinajambulidwa pa makina a matiraki anayi okha, kutanthauza mizere inayi yojambulapo mawu pa tepi. Akadzaza anayiwo, ankawasakaniza n'kuwasamutsira pa tiraki imodzi kapena ziwiri za tepi ina kuti apeze malo oonjezerapo zida. Njirayi ili ndi mtengo wake: kusamutsa kulikonse kumaonjezera kaphokoso ka tepi, ndipo zida zomwe zasakanizidwa sizingalekanitsidwenso. Ngati ng'oma zamira, zamira basi. Nthawi zambiri McCartney ankaika besi pomalizira, payokha, n'chifukwa chake imamveka bwino chonchija, ikuyenda ngati ikuimba nyimbo yakeyake.

Tsopano buku lomwe ndimati aliyense woimba m'gulu aliwerenge, kaya amaimba chamba chanji: Our Band Could Be Your Life la Michael Azerrad, la 2001. Lili ndi magulu 13 a ku America a pakati pa 1981 ndi 1991, mutu umodzi gulu limodzi. Muli Black Flag, Minutemen, Hüsker Dü, Sonic Youth, Fugazi ndi ena. Awa ndi magulu omwe mawailesi akuluakulu sankawaulutsa, ndipo makampani akuluakulu sankawayang'ana n'komwe. Ndiye ankakhala bwanji? Apa ndi pomwe bukuli limakoma. Anayambitsa timakampani tawotawo: Greg Ginn wa Black Flag anali ndi SST, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anayambitsa Dischord ku Washington mu 1980. Ankayenda dziko lonse pa galimoto imodzi, kunyamula okha zida, kugona pansi m'nyumba za okonda nyimbo zawo, n'kumapatsana manambala a foni a malo omwe angalole kuti aimbemo. A Minutemen anafika pochita kuwerengera tambala iliyonse ya mu situdiyo: ankapita pakati pa usiku pomwe mtengo wa ola ndi wotsika, ankagula matepi ogwiritsidwa kale ntchito, ankayeserera nyimbo mpaka kuziloweza asanalowe, ndipo ankazijambula motsata ndondomeko yomwe zidzakhale pa chimbale kuti asalipire nthawi yodula ndi kulumikiza tepi. A Fugazi anaumirira kuti polowa pakhomo pazikhala madola 5, ndipo ana asaletsedwe kulowa.

Azerrad sabisanso pomwe zinkavuta. Kampani yaing'ono imapereka zimbale kwa ogulitsa pa ngongole, ogulitsawo amachedwa kulipira kapena kugwa kumene, ndiye chimbale chikayamba kuyenda malonda kampaniyo imasowa ndalama yodindira china. Kutchuka kumatha kuigwetsa. Vuto lina ndi mgwirizano wapakamwa. Kampani ya Touch and Go inkagawana phindu pakati ndi pakati ndi magulu ake popanda pepala, pongogwirana chanza. Zinayenda bwino kwa zaka, koma pomwe a Butthole Surfers anafuna zimbale zawo zakale nkhani inakathera ku khoti. Woimba amene wawerenga mutu umenewo sangavomerenso kujambula popanda kulemba kuti tepi ndi ya ndani ndipo mgwirizano utha liti. Chomwe bukuli likupereŵera n'chakuti nkhani ya gulu imathera pomwe lasaina ndi kampani yaikulu, ngati kuti zotsatira zake zilibe ntchito.

Mabuku olembedwa ndi oimba eni ake ndimawatenga mosamala. Ambiri amalembedwa patapita zaka makumi atatu kapena anayi, mothandizidwa ndi mlembi wina, ndipo munthu amakumbukira zomwe zimamukomera. Pa masiku ndi pa mikangano musawadalire okha. Koma pa kagwiridwe ka chida palibe wowaposa. Life la Keith Richards, woimba gitala wa Rolling Stones, la 2010, lili ndi masamba ambiri a mankhwala omwe mukhoza kuwadumpha, koma pomwe akufotokoza kachunidwe ka open G pamafunika kuwerenga gitala ili pamiyendo. Gitala wamba imachunidwa E, A, D, G, B, E kuyambira nsambo yaikulu. Iye amatsitsa ya chisanu kuchoka pa A kufika pa G, yoyamba kuchoka pa E kufika pa D, ndipo yaikulu ija amaichotseratu. Zimatsala zisanu: G, D, G, B, D. Mukazikhwacha osagwira paliponse mwaimba kale chord ya G, ndipo chala chimodzi chogona pa fret (kagawo ka pa khosi la gitala) chimakupatsani chord ina iliyonse ya major, zala zinazo n'kumasewera pamwamba. Yaikuluyo amaichotsa chifukwa ikatsitsidwa imakhala D, yomwe si tsinde la chord ndipo imalimbana ndi besi. Anthu ambiri amavutika ndi Brown Sugar kapena Start Me Up pa kachunidwe wamba, manoti onse ali olondola koma nyimbo osamveka ngati yomweyo. Chifukwa chake ndi chimenechi.

Chimodzimodzi Iron Man la Tony Iommi wa Black Sabbath. Ali ndi zaka 17 makina a m'fakitale anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, lomwe ndi logwirira nsambo poti iye ndi wamanzere. Anadzipangira timapulasitiki tovala kunsongako, n'kuyamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala, ndipo pa chimbale cha Master of Reality cha 1971 anatsitsa gitala mpaka C sharp, zomwe zimafewetsa nsambo ndi kulemeretsa mawu ake. Kulemera komwe magulu a metal akutsanzira mpaka lero kuli ndi mbiri ya zala zovulala mkati mwake.

Pali mabuku ena otchuka omwe sindiwaika pamwamba. Hammer of the Gods la Stephen Davis, la 1985, lonena za Led Zeppelin, linatsamira kwambiri pa zonena za Richard Cole, yemwe ankayendetsa maulendo a gululo, ndipo eni akewo analitsutsa. Limawerengeka mofulumira, koma buku loima pa mboni imodzi silikuuzani pomwe pathera choona n'kuyamba zokometsera.

Za punk, musawerenge buku limodzi. Please Kill Me la Legs McNeil ndi Gillian McCain, la 1996, ndi mawu a anthu omwe analipo, osanjidwa motsatizana popanda mlembi kulowererapo. Limakoma ngati mwakhala pakati pawo akukangana. Koma mtundu uwu wa buku uli ndi vuto lomwe ambiri saliona: palibe amene akuweruza pomwe awiri atsutsana, amene anamwalira asanafunsidwe sayankha, ndipo dzanja la wosankha mawu limabisika. Bukuli likuona zinthu kuchokera ku New York ndi Detroit, ndiye London imaoneka ngati yongokopera. England's Dreaming la Jon Savage, la 1991, likuimirira mbali inayo, ndipo likuika Sex Pistols pakati pa ulova ndi mavuto a chuma a Britain wa m'ma 1970. Mukaika masiku pamodzi nkhani imaoneka bwino: a Ramones a ku New York anaimba mu holo ya Roundhouse ku London pa 4 July 1976 ndipo anagwedeza achinyamata ambiri, koma a Sex Pistols anali atayamba kale kuimba pagulu mu November 1975. New York ndi London inkakopana, panalibe mphunzitsi ndi ophunzira. Onjezerani buku la Viv Albertine wa gulu la Slits, la 2014, chifukwa mabuku ambiri a nthawi imeneyo amaika akazi m'mbali ngati zibwenzi chabe pomwe ena anali ndi magitala m'manja.

Pa mabuku a zamba za nyimbo, yambani ndi Deep Blues la Robert Palmer, la 1981, ngakhale mutakhala kuti blues simuikonda. Likutsata nyimboyi kuchoka m'minda ya thonje ya ku Mississippi kukafika ku Chicago, makamaka kudzera mwa Muddy Waters, yemwe Alan Lomax, wofufuza nyimbo za makolo, anamujambula kumunda mu 1941 asanasamukire ku Chicago mu 1943. Kumeneko anagwira gitala ya magetsi chifukwa ya wamba sinkamveka m'phokoso la m'mabala. Palmer anali woimba, ndiye akufotokoza bwino za manoti omwe amagwera pakati pa makiyi awiri a piyano, omwe woimba amawafikira popinda nsambo kapena potsetsereka ndi khosi la botolo, ndipo akuwalumikiza ndi maimbidwe a kumadzulo kwa Africa. Mukatha bukuli, Rolling Stones, omwe dzina lawo analitenga pa nyimbo ya Muddy Waters, ndi Led Zeppelin amamveka ngati ana a munthu wodziwika. Vuto la mabuku a zamba ambiri ndi kukonda mzere woongoka, wakuti uyu anabereka uyu, uyo n'kubereka uje, ndipo amene sakukwana mu mzerewo amatayidwa. Sister Rosetta Tharpe ankaliza gitala ya magetsi rock isanatchedwe dzina, koma mabuku ambiri akale amangomudutsa.

Musanagule buku lililonse la mtundu uwu, mphindi zisanu zikhoza kukupulumutsirani ndalama. Tsegulani kumapeto muone ngati muli kalozera wa mayina, ndipo muyang'anemo nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino. Pitani pa tsambalo. Ngati akutchula situdiyo, wojambula nyimbo, injiniya ndi zida, mlembiyo anagwira ntchito. Ngati akungoti nyimboyi inagwedeza dziko, libwezeni. Onaninso ngati walemba anthu omwe anacheza nawo ndi nthawi yake, chifukwa buku longotola za m'manyuzipepala limabwereza zolakwa za anzake. Lovomerezedwa ndi gulu limakhala ndi zithunzi ndi makalata omwe ena sangawapeze, koma limazemba nkhani za ndalama ndi za amene anachotsedwa m'gulu. Lotuluka patangopita miyezi iwiri kapena itatu woimba atamwalira nthawi zambiri limakhala lothamangitsidwa.

Pomaliza yang'anani kuti ndi kusindikiza kwa liti komanso kwa dziko liti. Revolution in the Head linakonzedwanso mu 1997 ndi mu 2005, ndiye funani lomalizali. Rip It Up and Start Again la Simon Reynolds, lonena za post-punk (nyimbo zomwe zinatsatira punk) ya 1978 mpaka 1984, linatuluka ku Britain mu 2005, koma la ku America lomwe linatsatira analidula mitu ingapo ngakhale dzina pa chikuto ndi lomwelo. Ogulitsa pa intaneti sanena zimenezi, choncho onani dzina la wosindikiza ndi chiwerengero cha masamba, ndipo musankhe la ku Britain.