Kodi tizikwera basi pokhapokha kukagwa maliro?

Ndimafuna kukhala chete koma mtima wakana. Holide ya ana ya August ili pafupi kutha, ine ndi mayi a kunyumba tinanyamula ana athu kupita ku Masvingo kukaona Great Zimbabwe, mzinda wakale umene ine ndimaukonda kuposa malo ena onse m'dziko muno. Titabwerako ndinaponya zithunzi pa gulu la WhatsApp la pachibale, poganiza kuti anthu akondwera. Alamu anga ena a ku Dzivarasekwa anayankha kuti: "Eee alamu, ndalama zokaonera miyala zilipo, koma tikati tisonkhe za feteleza wa amayi kumudzi mumati zinthu zavuta. Kodi miyala ya ku Epworth inatha?" Kenako timitu toseka mbwee, ena amene sanandipatsepo moni chaka chonse nawonso kuseka nawo.

Alamu, gawo langa la feteleza ndinatumiza kalekale ndipo risiti mukaifuna ibwera pagulu pomwepo. Nkhani ya feteleza yatha pamenepa. Chimene chandipsetsa mtima n'chakuti ife anthu a Chichewa a mu Harare muno timaona ngati ulendo wovomerezeka ndi wa maliro wokha. Munthu akamwalira ndalama zimapezeka tsiku lomwelo. Kombi ibwerekedwa, bokosi la zogwirira zonyezimira ligulidwa, anthu atenga tchuthi kuntchito, ulendo wa ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka kumudzi. Palibe amene amafunsa kuti ndalama zimenezi si zikanagula feteleza? Palibe! Koma bambo angotenga ana ake amoyo, akuseka, kupita nawo makilomita ongopitirira pang'ono 300 kuti akaone chinthu, basi wasanduka wonyada, wowononga, woiwala kwawo.

Funsani ana athu obadwira ku Mufakose, ku Mbare, ku Mabvuku kuti ulendo n'chiyani. Akuuzani za kugona pa boda atakhala pa chikwama, amayi awo akulira, nyimbo za maliro usiku wonse. Mwana amakula akudziwa kuti basi ya mtunda wautali imakwereka wina akafa. Ndiye mukufuna anga akulenso choncho? Ayi, ndakana. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndipo inu mukuti miyala. Munafikako? Kapena mumangodutsa pa Masvingo usiku muli mtulo popita kukaoda katundu ku Musina? Malowa ali makilomita pafupifupi 30 kuchoka m'tauni ya Masvingo, ija inkatchedwa Fort Victoria. Anthu akuda anamanga mzindawu kuyambira zaka za m'ma 1000 kufika m'ma 1400, kusanja miyala yosema popanda simenti, popanda dothi lomatira, ndipo mpanda waukulu uja pena umatalika mamita 11. Ulipobe chiimire. Mwana wanga wamng'ono analowetsa chala pakati pa miyala kufuna kupeza chomatira, n'kutembenuka kundifunsa kuti, "Adadi, nanga chikugwira n'chiyani?" Anayenda m'kanjira kopanikiza kaja ka pakati pa makoma awiri atatambasula manja, uku wagwira khoma uku wagwira khoma, mpaka kukatulukira pa nsanja yosongoka ija, pakamwa yasa. Funso limenelo sakanalifunsa ali pa sofa akuonera katuni. Mkulu wake, amene amaloweza za malowa kusukulu n'kumayasamula, anaima nthawi yaitali m'nyumba yosungiramo zakale akuyang'ana mbalame zosema pamwala, zomwe zija chithunzi chake chili pa mbendera ya dziko lino. Pobwerera ndiye amene ankatiphunzitsa ife, kuti pamalopa anafukulapo mikanda ndi mbale zadothi za ku China ndi ku Persia, kuti golide wa kuno ankatsikira kunyanja ya mchere cha ku Sofala. Anthu ankayenda, alamu. Zaka mazanamazana zapitazo anthu ankayenda, inu lero mukunyoza munthu chifukwa wakwera basi ya ku Masvingo.

Azungu a Rhodesia ankakana kwamtuwagalu kuti munthu wakuda angamange zoterezi, mpaka kumanamizira anthu a kutali, chonsecho katswiri wofukula zakale Gertrude Caton-Thompson anafukula pamalopa mu 1929 n'kunena poyera kuti ndi ntchito ya anthu a mu Africa. Mu 1980 dziko linatenga dzina kumalo amenewa. Mu 1986 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Anthu amalipira ndege kuchoka ku Germany, ku Japan, kudzaona. Ife tili pompano, msewu wake ndi womwewu wa Beatrice, Chivhu, Mvuma, koma tikuti miyala. Mzungu wakale ankati munthu wakuda sangamange, m'bale wanga wa lero akuti zomangazo n'zosayenera kuonedwa. Ndiuzeni kusiyana kwake.

Sitinagone mu hotela ya anthu olemera, musaganize choncho. Mayi a kunyumba anaphika mpunga ndi nkhuku usiku, kuika m'makontena, maheu m'zigubu. Tinakwera phiri lija m'mawa dzuwa lisanakwiye, masitepe ake opanikiza pakati pa matanthwe, mayi akupuma wefuwefu nsapato zili m'manja. Pamwamba mpamene pali nkhani. Nyengo ino mitengo ya msasa yaphuka, masamba atsopano ofiira, ena ngati a golide, mapiri onse psuu, ndipo patali madzi a damu la Mutirikwi akunyezimira. Apusi anatibera nthochi, ana anaseka mpaka misozi. Mayi amene chaka chonse amadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa mjigo anakhala pa thanthwe osagwira kanthu kalikonse m'manja, osaphika, osachapa. Zimenezi ndi zimene mukuti kuwononga ndalama? Mkazi wanga apume tsiku limodzi, inu kukuwawani mutu ku Dzivarasekwa?

Agogo athu anabwera kuno wapansi kuchoka ku Ntcheu, ku Dedza, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ambiri anakalamba n'kumwalira akudziwa komboni, munda wa bwana ndi msewu wa kutchalitchi kapena kumzikiti, basi. Iwo anali ndi chifukwa, chitupa chinkawamanga. Nanga ife chatimanga n'chiyani? Ena ati umphawi, ena ati ndi mmene tinaleredwera, kaya, zimenezo akambirane ophunzira. Ine ndimaona ndalama za mowa Loweruka lililonse zikupezeka, za kubetcha mpira zikupezeka, za yunifomu yatsopano ya bungwe la maliro zikupezeka. Za kuyenda ndi ana ndiye zimasanduka tchimo. Tikusungira imfa ndalama mwezi ndi mwezi mosaphonya, koma moyo sitiusungira ngakhale dola imodzi.

Ndiye mundimvetse bwino. Ndinapita, ndipo ndidzapitanso. October akubwerayu jakaranda akachita maluwa ndidzawatenga ana omwewa kukayenda m'misewu ya ku Avenues ndi ku Harare Gardens, kuwagulira ayisikirimu, ndipo zithunzi ndidzaponyanso pagulu lomwelo. Chaka chamawa Mulungu akalola ndi ku Zomba, akaone likulu lakale la dziko la agogo awo, akwere phiri, ulendo wa ku Malawi wopanda bokosi kumbuyo. Amene zimuwawe atuluke pagulu, batani lake lilipo.

Ndipo poti tayamba kuwerengerana ndalama, tiyeni tiwerengerane bwinobwino. Anthu omwe akusekawa ndi omwe sukulu ikangotsekera amatula ana kwanga ku Mufakose popanda ngakhale foni. Umangomva kugogoda, ana atatu pakhomo, kachikwama kamodzi, mulibe sopo, mulibe shuga, ngakhale kathumba ka ufa. "Akacheze kwa amalume." Mwezi wathunthu! Magetsi ogula amatha sabata isanathe chifukwa TV siizima, buledi awiri sakwana m'mawa, mkazi wanga ndiye wochapa zovala za ana a eni uku makolo awo ali phee kwawo, foni osayankha. Tsiku lodzawatenga mumabwera chimanjamanja n'kupemphanso ya kombi yobwererera. Imeneyo ndiye holide imene mumaidziwa, yodyera mnzako. December uno musayerekeze. Muyambe mwaimba foni, ndipo ufa ubwere patsogolo.