Musaloweze mageji onse, yambani ndi atatu okha

Anzanga amene mwangoyamba kumene kuulutsa ndege zankhondo pa kompyuta, kaya mu DCS World, mu IL-2 Sturmovik kapena ku mbali ya simulator ya War Thunder, maganizo anga ndi awa: lekani kulimbana ndi kuloweza geji iliyonse ya m'kokipiti musanaphunzire kuuluka. Ambiri amagwa ulesi sabata yoyamba chifukwa cha chimenechi. Munthu akaona timawotchi makumi awiri tamutong'olera maso, amayesa tonse tiyenera kuwerengedwa nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mageji amene amasunga moyo wanu mphindi iliyonse ndi atatu: ya liwiro, kampira kosonyeza ngati ndege ikuyenda chammbali, ndi yosonyeza kutalika. Ena onse ali ndi nthawi yake.

Musanawerenge muvi uliwonse, dziwani kaye kuti ndege yanu imawerengera m'chiyani. Za ku Russia ndi za ku Germany, monga Yak-1, Bf 109 ndi Su-25T, zimapereka liwiro m'makilomita pa ola, kutalika m'mamita. Spitfire ndi P-51, yotchedwanso Mustang, zimapereka mamailosi pa ola ndi mafiti. Majeti a ku America monga F/A-18C ndi F-16C amawerengera mu knots ndi mafiti. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola, ndipo mafiti 1,000 ndi mamita pafupifupi 305. Choncho 200 ya mu Mustang ndi liwiro labwino lokhotera, pamene 200 ya mu Bf 109 ndiye kuti mwayandikira kugwa. Nambala ndi yomweyo koma nkhani ndi ziwiri. N'chifukwa chake ndimati wongoyamba akhale pa ndege imodzi mwezi wathunthu, asamadumphedumphe.

Geji ya liwiro ndiyo mfumu. Koma imene mukuionayo sikukuuzani mmene mukuthamangira poyerekeza ndi nthaka. Ikuyeza mphamvu ya mphepo imene ikulowa m'kapaipi kotchedwa pitot, ndipo liwiro limeneli ndi limene timati IAS. Kumwamba mpweya ndi wopepuka, motero muvi umasonyeza zochepa kuposa liwiro lenileni, lotchedwa TAS. Kusiyanaku kumakula ndi pafupifupi 2 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse. Pa mamita 6,000, geji ikamati 300, ndege ikhala ikuyenda pafupifupi makilomita 410 pa ola. Ena akamva izi amayamba kuikayikira gejiyo. Musatero. Mapiko sadziwa za TAS, amamva mphepo yomweyo imene kapaipi kakumva. Ndege imasiya kuyandama, chimene timati stall, pa IAS yomweyomweyo kaya muli pansi kaya kumwamba. TAS isiyireni nthawi yowerengera ulendo pa mapu.

Apa pali msampha umene umagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo za mdani. Munthu amaloweza kuti Mustang imachita stall pa mamailosi pafupifupi 100 pa ola, ndiye akaona 180 mtima uli m'malo, n'kukoka sitiki mwamphamvu pokhota. Mwadzidzidzi phiko limodzi lagwa, ndege yayamba kuzungulira ngati nguli. Nambala ya 100 ija ndi ya ndege youluka mowongoka, pa 1 G (G ndi muyezo wa mphamvu imene imakukanikizani pa mpando, ndipo 1 G ndi kulemera kwanu kwa nthawi zonse). Mukapendekeka madigiri 60 osataya kutalika, mwafika pa 2 G, ndipo liwiro la stall lakwera ndi 41 peresenti. Pa 4 G lawirikiza kawiri, kufika 200. Ndiye musamangofunsa kuti liwiro langa ndi lotani, muzifunsanso kuti ndikukoka mwamphamvu bwanji. Ndege ikayamba kunjenjemera, bwezani sitiki kutsogolo pang'ono nthawi yomweyo. Kunjenjemerako ndi geji nakonso, ndipo kumafulumira kukuuzani kuposa muvi.

Pa geji yomweyi lowezani manambala atatu okha a ndege yanu: la stall, lotsitsira mateyala, ndi limene simuyenera kupitirira potsetsereka. Kwa P-51D, mateyala amatsika liwiro likachepera 170, ndipo malire ake ndi 505.

Kampira ndi kamene oyamba kumene amakanyoza, pomwe ndi kamene kamasiyanitsa wowombera molondola ndi womwaza zipolopolo. Kali m'kachubu kokhota pansi pa muvi wosonyeza kukhota. Kakakhala pakati, mphuno ya ndege yaloza kumene ndege ikupitadi. Kakathawira mbali, ndege ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Zikatero liwiro limawonongeka, zipolopolo zimadutsa pambali pa mdani ngakhale chizindikiro cha mfuti chili pa iye ndendende, ndipo stall ikakupezani muli choncho imasanduka spin, kuzungulira ngati nguli kuja. Lamulo lake ndi lalifupi: pondani kumene kampira kapita. Kakapita kumanja, pondani pedulo ya kumanja ya rudder, chiwongolero cha kumchira, mpaka kabwerere pakati.

Pa ndege za pulopela kampira sikakhazikika, chifukwa injini imapotoza ndege. Mukawonjezera moto kapena liwiro likatsika, mufunika phazi la kumanja pa Mustang, Spitfire IX ndi Bf 109. Mukamatsetsereka mothamanga, zimatembenuka, mufunika la kumanzere. Mustang ili ndi trim ya rudder, chotcherera chimene chimaigwira pamalo kuti phazi lipume, ndipo ponyamuka imaikidwa madigiri 5 kapena 6 kumanja. Bf 109 ilibe trim ya rudder m'kokipiti, phazi lanu ndiye trim. Mu Spitfire musafune kampira chifukwa mulibe. Muli geji ya mivi iwiri, wapamwamba ndi umene umagwira ntchito ya kampira, wapansi umasonyeza kukhota. Ngati mulibe mapedulo, sitiki yopotokola ikukwanira, bola rudder musaiike pa mabatani a kiyibodi chifukwa amangodziwa zonse kapena ayi.

Geji ya kutalika imanamiza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwerenga molakwa. Ya ku America ili ndi mivi itatu: wautali ndi mafiti mazana, waufupi ndi masauzande, kakang'ono kwambiri ndi masauzande khumikhumi. Mukangoona wautali wokha mutha kuphonya ndi mafiti 1,000 osadziwa. Yambani ndi waufupi, ngati mmene muwerengera wotchi ya pakhoma. Ya ku Russia ili ndi iwiri, waufupi wa makilomita, wautali wa mamita mazana. Mu Bf 109 muvi ndi umodzi, makilomita amaoneka pa kawindo.

Njira yachiwiri ndi yoopsa kwambiri. Gejiyi siiona nthaka, imangoyeza kulemera kwa mpweya. Mukaika QNH pa kawindo kake, imasonyeza kutalika kuchokera pa nyanja yamchere. Mukaika QFE, imasonyeza ziro muli pa bwalo la ndege limene mwanyamukira. Pa mapu a Caucasus mu DCS, Batumi ili m'mphepete mwa nyanja, pomwe Tbilisi ili pafupifupi mamita 500 pamwamba pake. Amene watchera ziro ku Batumi n'kukatera ku Tbilisi adzagunda nthaka geji ikunena kuti kwatsala theka la kilomita. Mpweya wa muyezo ndi 1013 hPa, womwe ndi 29.92 inHg kapena 760 mmHg, ndipo mukaphonya ndi 1 mmHg yokha pa ndege ya ku Russia mwaphonya ndi mamita pafupifupi 11. Majeti ali ndi geji ina ya radar yoyeza mtunda weniweni kufika pansi, koma imaona chimene chili pansi panu chokha, phiri la kutsogolo siiliona, ndipo mukapendekeka kwambiri imasokonezeka.

Geji yosonyeza kukwera ndi kutsika musaithamangitse. Imachedwa ndi masekondi angapo. Mukamaitsatira ndi sitiki, ndege izingokwera n'kutsika ngati bwato pa mafunde. Ikani mphuno pamalo, dikirani, kenako muione kuti itsimikize.

Tsopano geji yosonyeza mmene ndege yakhalira, imene ena amati artificial horizon. Masana kunja kuli mbee simuifuna, ingoyang'anani kumene thambo lakumana ndi dziko. Koma mukangolowa mu mtambo, imeneyi ndiyo maso anu. Pa ndege za ku America ndi ku Britain, kandege ka pa geji kamakhala chilili, mzere wa dziko ndi umene umapendekeka. Pa Su-25T, Su-27 ndi MiG-29 zili mosiyana: popendekeka kandegeko ndi kamene kamazungulira, mzere uli phee. Wozolowera mtundu umodzi akalowa mu mtundu wina amawongolera kolakwika, n'kuwonjezera kupendekeka kumene amafuna kuthetsa. Dziwaninso kuti pa ndege za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse gejiyi imasokonekera mukagudubuzika kapena kutembenuzika chadodolido. Mu Mustang muli kachitsulo kokhomera gejiyi, kotchedwa cage. Ikhomeni nkhondo isanayambe, ndipo muimasule ndege ili yowongoka. Ikasokonekera muli mu mtambo, bwererani kwa akale aja: muvi wa kukhota pakati, kampira pakati, liwiro lisasinthe. Liwiro likamakwera ndiye kuti mphuno yaloza pansi, likamatsika yaloza kumwamba.

Mageji a injini safuna kuyang'anidwa kawirikawiri, koma safunanso kuiwalidwa. Awiri amayendera limodzi, ya RPM (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ndi ya mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, imene ndege iliyonse imawerenga mu muyezo wakewake. P-51D imatha kuyenda pa 46 inHg ndi 2,700 RPM mpaka mafuta atathe. Pa 61 ndi 3,000 muli ndi mphindi 15, pa 67 mphindi 5 zokha. Spitfire IX ya injini ya Merlin 66 imalola +18 pa 3,000 RPM kwa mphindi 5, ndi +7 pa 2,650 nthawi yonse. Bf 109 G-6 mu IL-2 imapirira 1.3 ATA kwa mphindi 30, koma 1.42 ndi ya mphindi imodzi. Amene amakankha throttle, chogwirira chowonjezera moto, mpaka kumapeto kuyambira ponyamuka amafika kunkhondo injini itatopa kale, kenako n'kumati masewerawa ndi okondera. Powonjezera moto, kwezani RPM kaye, throttle pambuyo. Pochepetsa, throttle kaye, RPM pambuyo. Mukasemphanitsa, injini imalandira mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo imagogoda mpaka kuwonongeka.

Kutentha kwa madzi ndi kwa oyilo kumakwera kwambiri mukamakwera ndi moto wonse pa liwiro lochepa, chifukwa mphepo yodutsa mu ladiyeta yachepa. Pa Mustang madzi asapitirire madigiri 121. Mankhwala ake si kungotsegula ladiyeta ayi, tsitsaninso mphuno kuti liwiro libwere. Geji ya mafuta nayo ili ndi zake. Spitfire IX imanyamula magaloni 85 m'mathanki awiri, koma geji imawerenga thanki yapansi yokha ya magaloni 37, ndiponso mukadina batani lake. Muvi ukangoyamba kusuntha, dziwani kuti mafuta opitirira theka apita kale.

Kwa a majeti ndingonena ziwiri. Potera ndi F/A-18C musasake liwiro, sakani ngodya ya madigiri 8.1 pakati pa phiko ndi mphepo, pamene kabwalo kachikasu ka pambali pa HUD, galasi la manambala la kutsogolo kwanu, kayaka kokha. Liwiro loterera limasintha ndi kulemera kwa ndege, ngodyayo sisintha. Ndipo pa RWR, geji yochenjeza za radar ya mdani, chizindikiro kukhala pafupi kapena kutali ndi pakati sikukuuzani makilomita, kukuuzani za kukula kwa chiopsezo.

Koma chachikulu pa zonse ndi kayang'anidwe. Kunkhondo maso amakhala kunja. Amene waweramira mageji masekondi asanu wapereka msana kwa mdani. Geji imabedwa ndi diso, sekondi imodzi, n'kubwerera kunja. Kuti zitheke, musawerenge manambala, lowezani malo a muvi: ukaloza apa ndili bwino, ukatsika kufika apa ndisiye kukoka. A RAF, asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, anaona kufunika kwa zimenezi kale mu 1937, pamene anaika mageji asanu ndi limodzi ofunika pamalo amodzimodzi m'ndege zawo, kuti diso lisamasake. Ikani zoom pa batani la pa sitiki, ndipo ngati TrackIR, chipangizo chotsatira mutu wanu kuti muziyang'ana uku ndi uku, yakudulirani, OpenTrack ndi yaulere, imagwira ndi kamera wamba ya pa kompyuta. Timanambala tothandiza ta m'mphepete mwa sikirini tizimitseni msanga, chifukwa maseva ambiri olimba amatitseka, ndipo kumeneko mudzakhala ngati wakhungu. Ndipo intaneti ikamavuta musanamizire mageji: mu DCS ndi IL-2 ndege yanu imawerengedwa pa kompyuta yanu, zimene zimadumphadumpha ndi ndege za anzanu.

Musanalowe pa seva, tengani TF-51D, Mustang yophunzirira, imene ndi yaulere mu DCS pamodzi ndi Su-25T. Kwerani kufika mafiti 5,000, ikani 46 inHg ndi 2,700 RPM. Ulukani mowongoka mphindi ziwiri osaphonya ndi mafiti 100. Kenako zungulirani kamodzi kumanzere mutapendekeka madigiri 30, kampira kali pakati, kamodzinso kumanja. Onjezani kufika madigiri 60, mumve mmene sitiki ikufunira kukokedwa ndi mmene liwiro likudyekera. Pomaliza chepetsani moto, gwirani mphuno m'mwamba mpaka ndege injenjemere, onani pamene muvi waloza, bwezani sitiki kutsogolo, pondani kampira, kenako onjezani moto pang'onopang'ono. Chitani zimenezi mphindi 20 tsiku lililonse kwa sabata imodzi, kenako mubwereze zonse nyengo mutaiika ya mitambo.