Nyali ya sola yandidanitsa ndi achemwali anga

Anzanga amene muli ku Joni kuno mundiuze ngati zimenezi zikundionekera ndekha. Kodi za mabefide zinalowa liti ku Mangochi, mpaka anthu a mimba imodzi kusiya kupatsana moni chifukwa cha mphatso? Ife tikukula ku Namwera tsiku lobadwa sitinkalidziwa n'komwe. Mayi ukawafunsa ankangoti unabadwa mango atayamba kupsa, nkhani yathera pomwepo. Deti tinakaidziwira pa fomu ya sukulu, ena pa pasipoti. Lero mwana wa zaka ziwiri akufunika keke yosanjikiza, mabaluni, wojambula zithunzi ndi zovala zofanana nyumba yonse, ndipo wolipira zonsezo ndi uja ali kunja.

Mwana wamkazi wa achemwali anga anakwanitsa zaka 17 mwezi wathawu. Ali Fomu 4, mayeso a MSCE ali pafupi. Kwawoko magetsi sanafike, amawerengera tochi ya pafoni ya mayi ake, moto ukatha kuwerenga kwathanso. Ine monga malume ake, mwini mbumba, ndinakhala pansi n'kuganiza chimene chingamuthandize. Ndinazungulira m'mashopu a ku Fordsburg Loweruka nditaweruka, ndinagula nyali ya sola ya panelo yake, yokhala ndi potchajira foni, kakyuleta ya masamu, nsapato zakuda za sukulu, chikwama, ndi juzi yochindikala poti mphepo ya ku Namwera mwezi wa June ndimaidziwa. Ndinamanga katoni, kuikulunga ndi tepi, kulemba dzina ndi nambala mbali zonse, n'kukapereka kwa transipota.

Katoni itafika, pa gulu lathu la WhatsApp panabwera uthenga wa mawu wochokera kwa achemwali. "Achimwene, katundu uja tamuona. Koma abale, mwana wadikira chaka chathunthu, anzake anawauza kale kuti amalume akutumiza foni, inu n'kutumiza nyali? Zimenezitu ngakhale pamsika wa pa Boma zilipo. Mwatichititsa manyazi." Ndinaubwerezanso kumvera poganiza kuti mwina zikomo wandidutsa. Munalibe. Alamu anga, amene chikwatirire pakhomo pathu sanaguleko ngakhale kope limodzi la mwanayo, anaponyapo chithunzi cha mwana wa aneba atanyamula Samsung yochokera kwa bambo ake ku Cape Town. Sanalembe chilichonse, anangoponya.

Kuyambira pamenepo banja lagawikana. Mng'ono wanga ali mbali yanga, akuti foni ikanangomusokoneza mwana ndi TikTok. Azakhali akuti mphatso umayamba wafunsa mwini wake chimene akufuna. Mayi anandiimbira usiku, akuti, "Mwanawe usawayankhe, ndi aakulu kwa iwe, ukapeza kangachepe udzangomugulira kafoniko kuti pakhomo pakhale mtendere." Mtendere wa pakhomo pathu nthawi zonse umagulidwa ndi marandi anga.

Anthu akumudzi amaona ngati kuno ndalama timachita kutola mumsewu. Pa Beitbridge amakudindira masiku 30, akatha umakhala munthu woyenda chocheuka. Galimoto ya apolisi ikangokhota pakona mtima umakhala m'mwamba, poti ukagwidwa wopanda mapepala ulendo ndi wa ku Lindela, ku Krugersdorp, kukadikira basi yokubweza kwanu chimanjamanja. Lamulo la dziko lino linati kuyambira March 2025 wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola, koma wopanda pemiti akadandaula kwa ndani? Umalandira zimene bwana wanena. Ine ndimaima m'shopu kuyambira m'mawa mpaka mdima, kutsitsa mabelo, kusesa, kulondera akuba. Chipinda timagona anthu anayi, malire ake ndi nsalu yopachika pa waya, mbaula ya magetsi timayatsa mosinthana kuopa mayunitsi. Ena a ife tinalipo mu 2015 pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu othawa zipolowe za ku Durban, ndipo ambiri mwa okwera mabasiwo anali akwathu ku Mangochi konko. Panopa kuli a Dudula, gulu lothamangitsa anthu obwera. Umu ndi mmene ndalama ya nyali ija inapezekera.

Ndiye pali mtengo wa ulendo, umene wolandira sauona. Katoni imadutsa Zimbabwe yense mpaka Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pa Mwanza, kenako Blantyre, Zomba, Liwonde, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera mapiri. Transipota amalipiritsa poona kukula kwa katundu, ndipo ndalama imene ndinamupatsa inatsala pang'ono kufanana ndi ya zinthu zinali m'katimo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti zimene ndimatumiza mwezi ndi mwezi sizikuwerengedwa. Fizi ya mwana yemweyo ndi ine. Feteleza wa munda wa achemwali ndi ine. Malata a nyumba ya mayi, zovala za ana pa Eid, thiransipoti ya kuchipatala, chipepeso pa maliro a kuchimuna kwa alamu omwewo, zonse zimadutsa pa Mukuru kuchokera m'thumba langa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu ankati a ku Joni mwalemera, randi yanu ikubereka. Sanaone kuti shuga, sopo ndi thumba la feteleza zinakwera nthawi yomweyo, moti ndinayamba kutumiza zochuluka kuposa kale kuti agule zinthu zomwe zija. Koma poti fizi sungaijambule n'kuiika pa sitetasi, imeneyo si mphatso.

Agogo athu a nthawi ya Wenela ankatha zaka ziwiri ali kumigodi, pobwera n'kutenga njinga, wailesi ndi bulangete, mudzi wonse nthungululu. Analibe foni yowabweretsera mndandanda m'mawa uliwonse. Komanso tisanamizane, ena mwa ife kuno ndi amene awononga zinthu. Munthu ntchito yake ndi yotsuka galimoto ya bwana, akamaliza aitsamira, ajambulitsa, aponya pa Facebook. Kumudzi akaona zimenezo akhulupirira bwanji kuti iwe ukudya mkate ndi tiyi wopanda mkaka?

Nanga tsiku langa lobadwa iwo anachitapo chiyani? Chaka chatha anandiimbira kuti tatumiza kaphukusi, mukalandire ku Park Station. Ndinasangalala, ndinati mwina ndi usipa wouma, kapena chambo chowamba, kapena kampunga ka kilombero, zinthu zimene munthu ukazinunkhiza kuno misozi imalengeza. Ndinapempha bwana kuti ndichoke msanga, kukwera takisi, kulipira wonyamulayo poti kumudzi anati adzalipira wolandira. Kutsegula, T-sheti ya kampeni ya chipani, zija ankagawa ulere pamisonkhano, yaikulu moti tikhoza kulowamo awiri. Pansi pake panali kalata ya mndandanda wa zofunika pakhomo. Ine ndinathokoza, pa gulu lomwelo, ndipo palibe anamva kuti amuchititsa manyazi.

Dzulo mng'ono wanga wandiuza kuti nyali yonyozeka ija ili pa okala ya alamu, akugulitsira mafuta ophikira ndi ndudu mpaka usiku, n'kumatchajitsanso mafoni a anthu pamtengo. Mwana uja akuwerengerabe tochi. Ndamutuma mng'ono wangayo kuti mawa akaichotse pa okalapo akampatse mwini wake m'manja, alamu akafuna yawo akagule pa Boma pomwe akuti zilipo paja. Za foni ndidzakambirana ndi mwanayo zotsatira za mayeso zikadzatuluka, ine ndi iye, osadzera kwa mayi ake.