Bodi yosafunsa mafunso ndi yachiyani?

Ena mukwiya nazo izi, pepani, koma mabodi ambiri a mabungwe omwe si aboma kuno kwathu angokhala okongoletsa mapepala.

Vuto limayambira posankha. Mwini bungwe amatenga mlamu wake, mnzake wa ku koleji, abusa a kutchalitchi kwake, n'kuwonjezerapo loya mmodzi kuti mayina azioneka olemera kwa opereka thandizo. Malamulo a bungwe lomwelo amati bodi ndiyo imalemba ntchito dayilekitala, ndipo ikhoza kumuchotsa. Nanga munthu amene unamuitana wekha kuti adzadye nawe angakuuze bwanji kuti ndiwo zalowa mchere wambiri?

Kalowenimo mumsonkhano wawo mukaone. Malipoti a zachuma amaperekedwa m'mawa womwewo, pamodzi ndi envelopu ya alawansi. Wapampando akafunsa kuti, "Alipo ali ndi funso?" chipinda chonse zii. Wina ali pa WhatsApp kunsi kwa tebulo, wina akunong'oneza mnzake kuti nkhomaliro ifika nthawi yanji. Lipoti lavomerezedwa, m'manja phuphuphu, aliyense ulendo.

Boma la America litaimitsa thandizo la USAID mu Januwale 2025, mabungwe ena anatseka maofesi, antchito n'kukakhala pakhomo. Tinadandaula tonse. Koma funso loti "amene akutipatsa ndalamayu akadzasiya tidzatani?" linali la bodi, ndipo linayenera kufunsidwa kalekale ndalama zikubwerabe. Chimodzimodzinso malipoti a chaka ndi chaka amene amapita ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022. Mabuku a ndalama aja akawunikidwa ndi maodita, a bodi amasayinapo. Ndi angati amawerenga asanagwire cholembera?

Ine ulemu wanga umapita kwa makomiti a zipatala zazing'ono za kumudzi. Galimoto yobweretsa mankhwala ikafika, a komiti amaitanidwa kudzachitira umboni. Mupeza mayi amene sukulu analekezera ku pulayimale ataima pakhomo pa sitolo ya mankhwala, akuwerenga makatoni a LA limodzilimodzi, ndipo sasayina mpaka nambala igwirizane ndi imene yalembedwa papepala. Amadziwa kuti katoni ikasowa, mwana wake akadzadwala malungo adzauzidwa kuti kagulani ku famase. Sindikunena kuti makomiti amenewa ndi angelo ayi, kwina amfumu amadzazamo abale awo okhaokha. Komabe nkhaniyo imawakhudza pakhungu, pomwe abwana a mubodi ya ku Lilongwe pulojekiti ikafa moyo wawo susintha.

N'chifukwa chake ndimati mubodi iliyonse mukhale munthu mmodzi kapena awiri ochokera kwa anthu amene bungwelo limati likuwathandiza, ndipo akhale ndi voti yeniyeni, osati ongobwera kudzajambulidwa chithunzi. Mapepala azifika kutatsala sabata kuti msonkhano uchitike. Pakhalenso kanthawi koti dayilekitala atuluke panja, a bodi ayankhulane okha momasuka. Ndipo amene wakhala pampando nthawi imene malamulo a bungwe amalola, apumule alowe wina, ngakhale atakhala kuti ndi abusa a mwini bungwe.