Mankhwala a khansa odzera mumtsempha wa chiwindi

N'zoona kuti chiwindi chikauma ndi zipsera, madokotala amaopa kudula chotupa cha khansa ya m'chiwindimo. Koma anthu asamve ngati TACE, njira yothira mankhwala a khansa kudzera mumtsempha wa chiwindi m'malo modula chotupacho, imachiza. Imangochedwetsa khansa, ndipo nthawi zambiri amaibwereza.

Nzeru yake ndi iyi: chiwindi chimalandira magazi ambiri kudzera mumtsempha wochokera m'matumbo, pomwe chotupa chimadalira mtsempha wina wobweretsa magazi kuchokera kumtima. Ndiye amalowetsa kapaipi kakang'ono pamphechepeche, kukafika mumtsempha umenewo, n'kuthira mankhwala ngati doxorubicin, kenako n'kutseka njirayo kuti chotupacho chisowe magazi. Wodwala amatentha thupi, nseru ndi kupweteka m'mimba kwa masiku angapo. Ngati mimba yadzaza kale madzi kapena maso achita chikasu, kawirikawiri sachita, chifukwa chiwindi chofookacho chingatheretu.

Abale anga kuno ku Joni, musamangoloza mowa. Ambirife chimatipweteka ndi hepatitis B, kuphatikizapo chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Kumudzi ku Malawi katemera wa hepatitis B anayamba mu 2002, ndiye amene tinabadwa kale tikayezetse magazi kukiliniki. Mukapezeka nayo, mankhwala a tenofovir alipo, ndipo wachiwindi chouma aziunikidwa pa sikani miyezi 6 iliyonse.