Chigamulo chakale sichimanga aliyense chimodzimodzi

Mwalemba kuti jaji amangotsatira zomwe anzake anagamula kale, eya zoona koma osati nthawi zonse abale. Majisitireti sangatsutse Hayikhoti, Hayikhoti nayo imayenera kumvera Supreme Court, apo sitikukana. Koma kumbukani mlandu wa a Gwanda Chakuamba wa chisankho cha 1999, Supreme Court inati wopambana ndi amene wangoposa anzake mavoti basi, tinayenda nazo choncho zaka 20, kenako pa 3 February 2020 majaji asanu a Hayikhoti pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 anati ayi pakufunika 50+1 (mavoti oposa theka), anthufe kudabwa kuti khoti laling'ono lingakane bwanji za akuluakulu. Mu May Supreme Court yomweyo inavomera 50+1, kusiya chigamulo chake chakale. Ine mpomwe ndinadziwira kuti akuluwo amatha kudzikonza okha.